KUKAFUNA CHISANU KU MAPIRI: ULENDO WOCHOKERA KU CHIPATA MPAKA KU NYIKA

Mwezi wa Juni ukangolowa, Chipata amasintha nkhope. M'mamawa nkhungu imagona m'munsi mwa phiri la Kanjala, ana a sukulu amayenda manja ali m'khwapa, ndipo pa Misa yoyamba kutsokomola kumapikisana ndi kwaya. Imeneyi ndi nyengo imene ambiri a ife timangofuna kukumbatira mbaula, osapita kwina kulikonse. Koma m'chaka cha 2025, Chaka Choyera cha Jubile, ife tinachita zimene anansi athu anaziyesa misala: tinasiya chisanu cha kwathu ndi kupita kukafuna chisanu choposa, pamwamba pa mapiri a kumpoto. Tinayenda masiku 6, anthu anai m'galimoto imodzi, ndipo panatsala pang'ono kuti tisabwereko tonse. Nkhani yake tikuilemba pano, poyamba chifukwa malo amene tinaona ndi oyenera kudziwika, kachiwiri chifukwa cholakwa chimene tinachita pa njira chimachitika m'nyumba zambiri nyengo ino.

Mau amene anatibaya

Chimene chinatinyamula si kuchuluka kwa ndalama ai, pakuti katekisti ndalama angazitenge kuti? Inali nkhani ya m'banja. Mwana wathu wotsiriza, mnyamata wa zaka 19, anamaliza Giredi 12 m'chaka cha 2024, ndipo kuyambira pamenepo m'nyumba mwathu munalowa bata losakondweretsa. Malo a ku koleji anali asanapezeke, ntchito panalibe. Ku gulu la achinyamata a pa parishi analeka kupita, ndipo pa korona ya madzulo ankakhala nafe thupi lokha, maso ali pa foni. Ife amene timaphunzitsa ana a eni katekisimu Loweruka lililonse tinasowa mau olankhula ndi mwana wathu yemwe, kupatula okalipa.

Tsiku lina madzulo tinampeza akuonetsa amai ake kanema wa pa foni: anthu ovala zamawangamawanga akutsika phiri loyera mbee, liwiro ngati la kabawi wogwera mwanapiye. Ife tinangoti, "Zachabechabe izo." Iye anatiyang'ana nati: "Atate, nanga kuno kwathu kuli chiyani choti munthu aone? Fumbi ndi matumba a malasha basi. Ine ndikangopeza ya basi, ndapita." Mau amenewa anatibaya, makamaka chifukwa tinalibe yankho. Zaka zoposa 50 tili ndi moyo, koma mapiri aakulu a kuno ndi a tsidya la malire tinkangowadziwa m'mabuku a ku mishoni. Usiku umenewo amai a kunyumba anati: "Inu atate ake, mwana samangidwa ndi chingwe ngati mbuzi. Yendani naye, mwina pa njira mudzapezana."

Masewera a pa chisanu ndi Eklezia

Kwa awerengi amene sanazionepo, masewera aja amatchedwa ski. M'maiko ozizira kwambiri, mvula ya nyengo yachisanu siigwa ngati madzi koma ngati ufa woyera wofewa, umene umaunjikana m'mapiri. Anthu amamanga matabwa awiri aatali ndi opyapyala ku nsapato zao, nagwira ndodo ziwiri m'manja, natsetsereka kuchokera pamwamba mpaka m'munsi mwa phiri. Alipo malo otchuka kumene olemera amathamangirako, koma tiliponso timalo tating'onoting'ono tosamalidwa ndi mabanja kapena midzi, ndipo pali anthu amene amakonda kuyenda pa galimoto kuchokera pa kamalo aka kupita pa ako, tsiku lililonse phiri lina. Kuno kumwera kwa Africa masewerawa amachitika ku Lesotho, pa malo otchedwa Afriski m'mapiri a Maloti, pamtunda wa mamita oposa 3,000, m'miyezi ya Juni, Julai ndi Ogasiti.

Titafufuza, tinachita manyazi ndi mau athu aja akuti zachabechabe. Papa Yohane Paulo Wachiwiri Woyera, amene anayendera Zambia mu Mei 1989, anali katswiri wa masewera omwewa kuyambira kwao ku Poland, m'mapiri a Tatra. Mu Julai 1984 anatsetsereka pa phiri la Adamello ku Italy, Pulezidenti Sandro Pertini akuonerera. Mlembi wake, Kardinala Stanisław Dziwisz, anaulula pambuyo pake kuti Apapa ankatuluka mu Vatican mwakachetechete kupita ku mapiri maulendo oposa 100. Papa Pio wa 11, amenenso anali wokwera mapiri ali wansembe, anasankha Bernardo Woyera wa ku Menthon m'chaka cha 1923 kukhala nkhoswe ya oyenda m'mapiri. Ndiye uja anamanga nyumba yopulumutsiramo apaulendo pa mpata wozizira wa mapiri a Alps zaka pafupifupi 1,000 zapitazo.

Palinso mnyamata wa ku Turin, Pier Giorgio Frassati, mwana wa mwini nyuzipepala ya La Stampa. Iye ankakonda mapiri ndi ski, ankaphunzira za migodi kuti akatumikire anthu okumba pansi, ndipo ndalama zake zinkathera pa osauka kudzera m'bungwe la Vinsenti Woyera wa Paulo. Anamwalira ndi poliyo pa 4 Julai 1925 ali ndi zaka 24, ndipo Papa Leo wa 14 anamuika m'gulu la oyera pa 7 Seputembala 2025.

Ku Lesotho ndalama sizikanatifikitsa. Tsono tinauza mwana wathu kuti: "Chisanu choyera cha pa foni sitingakulonjeze, koma tamva kuti ku Nyika udzu umayera m'mawa. Tiye tikaone." Alamu athu, amene amagula mbeu m'midzi ndipo ali ndi galimoto yolimba, anavomera kutiyendetsa. Ndalama za chilimba cha amai zinagula mafuta. Tinanyamuka Lachisanu pa 4 Julai, tsiku lomwe Frassati anakwanitsa zaka 100 chimwalirire, podalira tchuthi cha Heroes ndi Unity chimene chinali kutsogolo.

Mseu wa ku Lundazi

Kuchokera ku Chipata kufika ku Lundazi ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 180. Mu Julai mseu umenewu umakhala ngati msika wautali: matumba a chimanga ndi nshawa m'mbali, mabelo a thonje akudikira malole, anyamata atanyamula mbewa zapandodo, ndi utsi wa moto wa m'tchire kulikonse. Pambuyo pa chilala cha 2024 zinali zokondweretsa kuona nkhokwe zodzaza. Koma chilala chomwecho chinachepetsa madzi ku Kariba, magetsi nasowa, ndipo mabanja ambiri a m'tauni anatembenukira ku malasha. Mtengo wake tinauona ndi maso: mapiri amene tili ana anali obiriwira mpaka pansonga, lero ambiri ametedwa mpala. Alamu athu anati, "Alamu, mtsinje wa Lutembwe umene timamwa ku Chipata uja sutuluka m'paipi. Umatuluka m'mapiri ngati awa." Mnyamata sanayankhe, koma foni anaiika m'thumba.

Ku Lundazi tinafika dzuwa litapendeka, ndipo tinapita kukaona nyumba yotchuka ya Lundazi Castle, imene bwanamkubwa wa m'nthawi ya atsamunda, Errol Button, anayamba kuimanga cha m'ma 1948. Ndi nyumba ya njerwa zofiira, ya nsanja ngati malinga a mafumu akale a ku Ulaya, yoyang'ana pa damu. Amisiri amene anaumba ndi kuyala njerwa zimenezo anali anthu a konkuno, ngakhale maina ao satchulidwa. Mwana wathu anaijambula mbali zonse. Aka kanali koyamba pa miyezi yambiri kuti atiitane kuti tiime naye pa chithunzi.

M'mapiri a Viphya

Loweruka m'mawa tinadzaza mafuta, pakuti m'chaka chimenecho mafuta ankavuta ku Malawi, ndipo tinaoloka malire pa Lusuntha ndi Mqocha, ndi kukatulukira pa Jenda, pa mseu waukulu wa M1. Chapafupi ndi pamenepo pali mishoni ya Katete, osati Katete wathu wa ku Zambia ai, koma mnzake wa ku Mzimba, amene Abambo Oyera anatsegula m'chaka cha 1938 pamene Eklezia Katolika ankayamba kuzika mizu kumpoto kwa Malawi.

Kuchokera pamenepo mseu umayamba kukwera, ndipo mpweya umasintha. Aphunzitsi athu a ku mishoni anatiuza kuti munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Tsiku limenelo khungu lathu linavomereza. Mapiri a Viphya ndi kwao kwa nkhalango ya paini ya Chikangawa, imene inabzalidwa pa mahekitala oposa 50,000 ndi cholinga chodyetsa fakitale ya mapepala. Fakitaleyo siinamangidwe, ndipo moto wa chaka ndi chaka pamodzi ndi kucheka matabwa kosabwezera zasiya zitsa m'malo ambiri. Komabe kukongola kwake sikunathe. Tinapatuka kukaona damu la Luwawa, pamene pali malo aang'ono a alendo pakati pa mitengo, kumene anthu amabwera kudzayenda m'nkhalango, kupalasa njinga ndi kuotha moto madzulo. Palibe phokoso, palibe mabasi. Mumangomva mphepo m'mapaini ngati mtsinje wakutali.

Thumba lathu silinatilole kugona pamenepo. Tinabwerera ku mseu waukulu ndi kupeza kanyumba ka alendo kotsika mtengo m'mbali mwa njira, ka zipinda zoyera bwino koma za simenti yozizira ngati mwala wa m'madzi. Ife ndi amai tinatenga chipinda chimodzi, alamu ndi mnyamata china.

Usiku umene sitidzaiwala

Mlonda wa pamalopo, bambo wachikulire, anatibwereka mbaula kuti tiothe pakhonde, natichenjeza m'Chitumbuka chosakaniza ndi Chichewa kuti tisalowe nayo m'nyumba. Tinavomera. Koma itakwana nthawi yogona, amai anali kunjenjemera ngakhale anafunda mabulangete awiri. Tinayang'ana mbaula ija: malasha anali atafiira bwino, utsi utatha. Mumtima tinati, choopsa ndi utsi, ndipo utsi palibe. Tinailowetsa, tinatseka chitseko, ndipo mpata wa pazenera tinautseka ndi chitenje. Cholakwa chimenechi chinali chathu, osati cha wina aliyense.

Mwana wathu anali asanagone. Anatuluka pakati pa usiku kukafuna netiweki pabwalo, khalidwe lomwe lija tinkamudzudzula nalo masiku onse. Pobwerera anaona kuti mbaula palibe pakhonde, ndipo pazenera lathu pali chitenje. Anakumbukira uthenga umene anauwerenga pa foni wonena za banja lina limene linapezeka litafa m'mawa chifukwa cha mbaula. Anagogoda, osayankhidwa. Anagogodanso mwamphamvu, nafuula, "Atate! Amai!" Ife tinamumva ngati munthu woitana kutsidya la mtsinje, koma miyendo inakana kudzuka, mutu ukugunda ngati ng'oma. Iye ndi amalume ake anakankha chitseko mpaka loko anathyoka, natikokera panja pa mphepo. Amai anali atakomoka, ndipo atatsitsimuka anayamba kusanza. Usiku womwewo alamu anatithamangitsira ku chipatala cha pafupi, kumene amai anaikidwa pa makina a mpweya mpaka m'mawa. Namwino anatiyang'ana nati: "Bambo, muthokoze mwana wanuyu. Akanagona tulo, bwenzi tikukamba zina."

Awerengi okondedwa, imvani bwino apa. Malasha akamayaka m'chipinda chotseka amadya mpweya wabwino umene timapuma, natulutsa mpweya wa poizoni umene madokotala amautcha carbon monoxide. Mpweya umenewu ulibe mtundu, ulibe fungo, ndipo sutsokomoletsa ngati utsi wa nkhuni. Ukalowa m'mapapo umakakamira ku magazi mwamphamvu kuwirikiza ka 200 kuposa mpweya wabwino, kotero kuti magazi amazungulira m'thupi osanyamula chimene ubongo ndi mtima zikufuna. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru, kufooka kwa miyendo ndi tulo tolemera, koma amene wagona kale samva kanthu. Malasha ofiira opanda utsi ndi oopsa chimodzimodzi. Mukampeza munthu wotere, tsegulani zitseko ndi mazenera, mtulutseni panja, ndipo pitani naye ku chipatala ngakhale akunena kuti wapeza bwino.

Lamulungu m'katchalitchi ka njerwa

Titatuluka m'chipatala, ife tinati ulendo wathera pomwepa. Amai anakana: "Mulungu watisunga kuti tibwerere pa njira? Tiyeni tikayambe tamuthokoza." Anthu anatilozera katchalitchi ka nthambi, ka njerwa zosapaka ndi mabenchi a matabwa a paini. Wansembe amafika kumeneko mwa kamodzikamodzi, ndipo mapemphero anatsogolera ndi katekisti mnzathu. Akhristu sanapitirire 40, ambiri okalamba, ena atafunda chitenje chimodzi chokha pa chisanu chonsecho. Uthenga Wabwino wa tsikulo unachokera pa Luka 10, pamene Ambuye akutuma ophunzira 72 awiriawiri, opanda thumba la ndalama, kuti adalire nyumba zimene ziwalandire.

Atamva kuti pali katekisti wa ku Chipata, anatipempha kuti tipereke moni. Tinali titazolowera kuima kutsogolo ndi kulangiza ena, koma tsiku limenelo tinalibe cholangiza. Tinangowafotokozera zimene tinachita usiku, mmene tinanyozera mau a mlonda, ndi amene anatipulumutsa. Kwathu timati mau a akuluakulu akoma akagonera. Tinawauza kuti nthawi zina mau a ana nao amakoma, ndipo wamkulu amene samva ndiye amagoneka banja lake pangozi. Mwana wathu anawerama, makutu ali gwa. Titatuluka, gogo wina anamugwira manja onse awiri namuuza mau ambiri m'Chitumbuka, amene sanawamve onse koma anawamvetsa. Anatipatsa mbatata yootcha ndi tiyi. Bulangete limodzi la amai linatsala pamenepo.

Madzulo tinafika ku Mzuzu, kumene dokotala wina anatipimanso natilola kupitiriza ulendo pang'onopang'ono. Usiku umenewo, kwa nthawi yoyamba pa chaka chathunthu, ife ndi mwana wathu tinacheza mpaka tulo. Anatiuza za mantha ake: kuti anzake onse akupita patsogolo, kuti akuopa kukalamba akugulitsa matikiti a foni pa Kapata, kuti nthawi zonse tikamuyang'ana amaona ngati tikuwerenga zolakwa zake. Sitinamuyankhe ndi katekisimu. Tinangomvetsera.

Pamwamba pa Nyika

Lolemba tinadzera ku Rumphi ndi Bolero, kwao kwa Themba la Mathemba Chikulamayembe, mpaka pa chipata cha Thazima. Kuchokera ku Rumphi kukafika ku Chelinda ndi makilomita oposa 100, mbali yaikulu mseu wafumbi, ndipo galimoto yaing'ono siingayese. Nkhalango ya Nyika ndiyo yoyamba kutetezedwa monga paki ya dziko ku Malawi, m'chaka cha 1965, ndipo inakulitsidwa mu 1978 kufika pa masikweya kilomita oposa 3,000. Chimene ambiri a ife sitidziwa nchakuti Zambia nayo ili ndi gawo lake la Nyika, la masikweya kilomita 80 okha, limene pa galimoto mumalifika podzera ku Malawi. Mseu umayenda m'malire enieniwo, kotero kuti pena muli ku Malawi, pena muli kwanu, popanda wofunsa pasipoti. Pa 7 Julai 2015 maiko awiriwa anasainirana pangano losamalira pamodzi nkhalango za m'malire, ndipo tsiku limene tinakwera linali lokwanitsa zaka 10 za panganolo.

Mitengo ya miombo ikatha, dziko limatseguka mwadzidzidzi. Zitunda za udzu wofupika zimatsatana ngati mafunde mpaka kumene maso alekezera, ndipo m'makwawa muli timagulu ta nkhalango yobiriwira. Tinaona mbidzi, ntchefu zazikulu ngati ng'ombe, achilembwe a nkhope zolembedwa, mphoyo ndi njiri. Nsonga yaitali koposa, Nganda, imapitirira mamita 2,600. M'nyengo ya mvula pamamera maluwa a mtundu wa chikanda oposa mitundu 200. Ndipo apa amai anadzidzimuka kumva kwa wotiperekeza kuti chikanda chimene timagula pa msika chimachokera ku timizu ta maluwa otere, ndi kuti okumba mobisa akuwatha m'mapiri ambiri. Mitsinje yochuluka imabadwira pamwamba pamenepa: ina imatsikira ku nyanja ya Malawi, ina kumadzulo kukathira mu Luangwa. Amene ayatsa moto pa Nyika amaumitsa chitsime cha munthu amene sanamuonepo. Ndi zomwe Papa Fransisko anaphunzitsa m'kalata yake ya Laudato Si' ya 2015, kuti zolengedwa zonse nzolumikizana, ndipo dziko likavulala woyamba kulira ndi wosauka.

Ku Chelinda, pamtunda wa mamita pafupifupi 2,300, tinagona m'kanyumba ka m'mbali mwa mitengo ya paini imene inabzalidwa m'zaka za m'ma 1950. Munali moto wa nkhuni, koma wa pa malo ake omangidwa bwino, okhala ndi chumuni chotulutsira utsi kunja. Ngakhale zinali choncho, mwana wathu anayendera zenera lililonse asanagone, ndipo palibe anamuseka.

Lachiwiri m'bandakucha anatidzutsa: "Atate, tulukani muone!" Dziko lonse linali loyera. Udzu uliwonse unavala timiyala tonyezimira, madzi a m'ndowa anaundana pamwamba ngati galasi, ndipo pa galasi la galimoto munthu ankatha kulemba dzina ndi chala. Sichinali chisanu chakugwa kumwamba ngati cha pa foni chija. Anali mame amene anaundana usiku, pakuti kuno mu Juni ndi Julai kuzizira kumafika pa digiri 0 ngakhale kutsikirapo. Mnyamata anatenga thumba la feteleza lopanda kanthu m'galimoto ya amalume ake, nakhalapo pa kachitunda, natsetsereka mpaka m'munsi akukuwa ngati mwana wa Giredi 1. Kenaka anatipatsa thumbalo. Tinakumbukira mmene tinkatsetserekera pa makungwa m'mapiri a kwathu tikuweta mbuzi, ndipo tinakhalapo. Za mmene katekisti anafikira m'munsi, miyendo m'mwamba ndi chipewa kwina, amai a kunyumba akusimbabe ku mphakati mpaka lero. Dzuwa litakwera, kuyera konse kunasungunuka pasanathe ola limodzi.

Potsika tinaima ku gawo la Zambia, pafupi ndi nkhalango ya Chowo ya mitengo italiitali yakalekale. Titayang'ana kumadzulo, zigwa za dziko lathu zinali tambalale m'munsi mwathu. Mwana wathu anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, "Ndiye kuti pano ndi kwathu?" Tinati inde, pano ndi kwathu.

Pobwerera: Kachebere

Lachitatu tinabwerera kudzera ku Kasungu ndi Mchinji, ndipo tisanaoloke pa Mwami tinapatukira ku Kachebere, m'munsi mwa phiri la miyala la m'malire. Abambo Oyera anatsegula mishoni imeneyi m'chaka cha 1903, ndipo kuchokera pano ansembe ndi akatekisti oyamba ankayenda pansi ndi pa njinga kulowa m'midzi ya Angoni ndi Achewa ya dera la Fort Jameson, zaka zambiri dera lathu lisanakhale chigawo cha Eklezia pachokha m'chaka cha 1937. Seminale yaikulu ya Antonio Woyera inatsegulidwa pano mu 1939, ndipo ambiri mwa ansembe oyamba a dayosizi yathu anasulidwa m'makoma amenewa. Tinagwada m'tchalitchi tonse anai ndi kunena korona. Chigawo chachitatu anatsogolera ndi mnyamata, popanda womuuza.

Kwa amene angafune kutsata mapazi athu

Ulendo wotere sufuna chuma cha mfumu, koma ufuna kukonzekera. Mabanja awiri kapena mphakati umodzi ungathe kusonkherana mafuta. Konzani mapepala a pa malire a anthu ndi a galimoto nthawi ilipo, nyamulani ufa, ndiwo, mabulangete okwanira ndi zovala zochindikala, ndipo ku Nyika musapite ndi galimoto yofooka kapena mafuta ongokwanira. Amene sangathe kufika kutali, ayambe ndi phiri la pafupi: Kanjala ali pakhomo pathu, ndipo ambiri obadwira m'Chipata sanakwerepo. Kwerani ndi ana anu, muwaonetse kumene madzi ao amachokera, muwerenge zitsa, ndipo mvula ikagwa mubwerere ndi mbande.

Koma chachikulu nchakuti, Juni ndi Julai uno, mbaula igone panja. Othani pakhonde kapena chitseko chili chotsegula, ndipo pogona itulutseni. Wozizidwa mumuonjezere chofunda, kapena mumuikire botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsalu ku mapazi. Atsogoleri a miphakati, nenani zimenezi pa misonkhano yanu, ndipo yenderani okalamba ogona okha, pakuti amene alibe bulangete ndiye amalowetsa moto m'nyumba. Bulangete limodzi loperekedwa nthawi yake lingathe kuletsa maliro.

Mwana wathu akufunabe kupita kukaphunzira kutali, ndipo ife sitikumuletsanso. Ntchito sinapezeke chifukwa chakuti tinakwera phiri, ndipo masiku ena timasemphanabe mau monga kale. Kusiyana kwake nkwakuti tsopano tikasemphana timakhala pansi. Nkhani inoyi anaiwerenga tisanaitumize, nakonza manambala awiri amene tinalakwitsa. Tinali titalemba kuti mbaula inalowa m'chipinda, osatchula amene anailowetsa. Iye anaika chala pa mzere umenewo nati: "Atate, mbaula ilibe miyendo. Lembani zoona, kuti atate ena amve." Talemba.

Bernardo Woyera, nkhoswe ya oyenda m'mapiri, ndi Pier Giorgio Woyera, bwenzi la achinyamata, atipempherere ife ndi ana athu m'nyengo ino yachisanu.